Autopilot Ikazima, Gwirani Ndege

 Ana athu amene mukulandira masatifiketi oyendetsera ndege zing'onozing'ono, lero ndi tsiku la nthungululu, komabe mundilole ndikambe za ngozi, pakuti akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pa 7 June 2012, ndege ya mtundu wa Pilatus PC-12 inanyamuka ku Fort Pierce, ku Florida m'dziko la America, ulendo wa ku Kansas. Munali banja limodzi: bambo amene ankayendetsa, mayi ndi ana awo anayi. Ndegeyo anali atangoigula milungu yochepa m'mbuyomo. Ali m'mitambo, m'mwamba mamita pafupifupi 7,600, akukhota kuti alambalale nyengo yoipa, autopilot, makina oyendetsa ndege okha, inangozima. Ofufuza a bungwe la NTSB anadzayesa zidazo koma sanapeze chimene chinaizimitsa. Chimene anapeza n'chakuti ndege itayamba kupendekeka, bamboyo sanaiwongole. M'malomwake anayamba kuyesa autopilot ija kuti aone ngati ili bwino. Makinawo anayankha kuti ali bwino ndithu, koma ndege inali itagona kale chammbali, mphuno italoza pansi, mpaka liwiro linapitirira makilomita 600 pa ola. Atakoka chiwongolero mwamphamvu, phiko linathyoka. Onse anafera kufupi ndi Lake Wales.

Chimandipweteka n'chakuti ndege ija ikanatha kuuluka mpaka kukafika. Inangofuna munthu woigwira pa masekondi oyamba aja.

Musamuone ngati wopusa bamboyo. Thupi lathuli linapangidwira kuyenda pansi. M'kati mwa khutu muli timadzi timene timatiuza kuti tikutembenuka, koma ndege ikakhota mosalekeza kwa masekondi ngati 20, timadzito timakhazikika, ndipo ubongo umati zonse zawongoka. Ukawongoladi mapiko, umamva ngati wapendekera mbali inayo, n'kubwezeranso ndege m'mavuto. Mu 1954, pa University of Illinois anayesa oyendetsa ndege 20 amene sanaphunzire kuuluka podalira zida zokha. Atawatsekera kuti asaone kunja, onse analephera kuilamulira ndege, ndipo pa avereji anapirira masekondi 178 basi. Mphindi zitatu zosakwana, makolo.

Nthawi zina makina salakwa n'komwe. Pa 29 December 2016, ndege ya Cessna Citation inanyamuka usiku ku Cleveland kulowera pamwamba pa Lake Erie. Ofufuza anaona kuti woyendetsayo ayenera kuti ankaganiza kuti wayatsa autopilot pamene sinayake. Iye ankadikira makina, makina ali chete, ndipo anthu 6 anafera m'nyanjamo.

Nanga kuno kwathu? Mukamauluka kupita ku Likoma madzulo, nyanja ndi thambo zimasanduka chinthu chimodzi. Mwezi wa October utsi wa lupsa umabisa malekezero a dziko. Chiperoni chikatsika pa Mulanje ndi Thyolo, kapena nkhungu ikakuta Viphya ndi Nyika, simuona ngakhale nsonga ya phiko lanu. Ambiri mwa inu mudzakhala nokhanokha kutsogoloko, wopanda mnzanu wokukodolani.

Ndiye ana anga, belu losonyeza kuti autopilot yazima likalira, dzanja pa chiwongolero, maso pa chida chosonyeza mmene mapiko alili. Wongolani mapiko, kenaka mphuno, kenaka liwiro. Za kufufuza chimene chavuta, ngakhale za kulankhula ndi a pa nsanja, zibwere ndege itakhazikika. Makina akayamba kukankha okha trim, kachipangizo kokhazikitsa mphuno ya ndege, musalimbane nawo ndi mphamvu za mikono, chifukwa adzakutopetsani. Dinani batani lofiira la pa chiwongolero, muligwire osalitaya, n'kuzula fyuzi yake. Fyuziyo muziidziwa pamene ili moti mungaipeze mutatsinzina. Ndipo mukayatsa autopilot, werengani zimene yalemba pagalasi, mutsimikize kuti yavomeradi.

Autopilot sindikuinyoza ayi. Imapumitsa munthu, ndipo yapulumutsa ambiri amene mutu unawazungulira m'mitambo. Koma luso la manja limachita dzimbiri ngati khasu losiyidwa pakhonde dzinja lonse.

Pempho langa lalikulu likupita kwa inu eni ndege ndi aphunzitsi. Mafuta ndi odula, ndikudziwa, koma apatseni anawa maola oti aziuluka ndi manja, atavala chotchinga kumaso, mphunzitsi ali pambali akuwazimira makina mosawachenjeza. Wina akasamukira pa ndege yaikulu kapena yothamanga kuposa imene anazolowera, aperekezedwe ndi katswiri mpaka aidziwe. Ndipo mwana akakuuzani kuti lero kunja sikuli bwino, sindinyamuka, musamukalipire pamaso pa alendo anu. Muwapezere alendowo galimoto.