Chikopa, Khungwa ndi Ulemu wa Ngoma

 

Tasonkhana pano pa Nkolimbo, pamene anagona Gomani Chikuse yemwe anaphedwa ndi Angerezi mu 1896. Amene akuvina ngoma lero anyamula zishango ndipo avala zikopa. Funso langa ndi lakuti: adzatifufutira ndani zikopazi akuluakulu odziwa akadzatha?

Chishango chimafuna chikopa cha ng'ombe choumitsa, cholimba gwa. Chovala chimafuna chikopa chofewa, chosanunkha, chosaola chikanyowa. Makolo athu ankachipala, kuchidzoza mafuta ndi kuchifikisa ndi manja. Palinso njira ina yakalekale yoyenera kuidziwa, yofufuta ndi makungwa.

M'khungwa muli mankhwala otchedwa tanini, omwe aja amaumitsa m'kamwa tikamwa tiyi wowirira. Akalowa m'chikopa amamanga ulusi wake, tizilombo toolesa n'kulephera kuchidya. Mombo ndi mkalati ali nawo. Kummwera kwa Africa, kumene tinachokera, anthu ankagwiritsa ntchito muzu umene Azulu amautcha intolwane. Ku KwaZulu-Natal ndi ku Njombe m'dziko la Tanzania alipo minda ya mtengo wa wattle, wochokera ku Australia, wolimidwa chifukwa cha khungwa lake.

Kachitidwe kake nkotere. Chikopa chithiridwe mchere chikangosendedwa, kenaka chitsukidwe ndi kupalidwa mnofu wonse. Makungwa ouma asinjidwe ndi kunyikidwa m'madzi, mumtsuko kapena m'chidebe cha pulasitiki, pakuti chitsulo chimadetsa chikopa. Muyambe ndi madzi osawirira, n'kumaonjezera mphamvu pang'onopang'ono. Mukafulumira, kunja kumalimba m'kati muli mwamuwisi. Cha mbuzi chimatenga masabata, cha ng'ombe miyezi. Mukacheka m'mphepete n'kuona kuti kufiira kwalowerera mpaka pakati, chapsa. Chidzozeni mafuta chisanaumitsitse, ndipo muchifikise.

Mafakitale ambiri lero amafufuta ndi mankhwala a chrome, njira imene Augustus Schultz analembetsa ku America mu 1884. Ndi yofulumira, koma mankhwalawo ndi ogula kunja ndipo madzi ake otsala amaipitsa mitsinje. Makungwa tili nawo pakhomo.

Komabe pali chenjezo. Mtengo ukasendedwa khungwa kuzungulira thunthu lonse umauma. Nkhalango ya Mvai, imene imasunga madzi a damu la Mpira, yavulala kale ndi nkhwangwa ndi makala. Titenge makungwa ku nthambi zosadzidwa ndi ku mitengo yogwetsedwa mwachilolezo, ndipo wofufuta aliyense adzale yake. Za nyama zam'tchire lamulo limateteza. Mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe zitikwanira.

Pempho langa kwa inu Makhosi ndi ili: m'dera lililonse mupezeke mkulu wodziwa kufufuta, apatsidwe achinyamata oti awaphunzitse, kuti pa Umhlangano wa chaka chamawa tidzaone zikopa zofufutidwa ndi manja a ana athu.

Bayethe!