CIKONDWERERO CA OIMBA OPANDUKA KU BLACKPOOL

Nkhani ya lero icokera kutali, ku England, m'mzinda wa m'mphepete mwa nyanja wochedwa Blackpool. Caka ndi caka, kuciyambi kwa mwezi wa August, pamene kumeneko kuli nyengo yofunda, mzindawo umadzala ndi alendo a maonekedwe odabwitsa. Ena tsitsi lao amaliimika ngati minga ya nungu nalipaka utoto wofiira kapena wobiriwira. Ena amameta mpala. Ambiri amabvala majekete a cikopa okhomedwa tizitsulo, ndi nsapato zolemera zonga za asilikali. Koma munthu woyang'anitsitsa adzaona kuti ambiri a iwo sali ana ai. Alipo a imvi, alipo a dazi, alipo oyenda ndi ndodo, ndipo ena agwira adzukulu pa dzanja. Onsewa amadzera cikondwerero ca masiku anai cochedwa Rebellion, ndiko kunena Cipanduko, kumene magulu mazana a oimba amaimba nyimbo za mtundu wochedwa punk.

Kuti omvera amvetse cifukwa cace nkhalamba zibvala motere, ndi bwino kubwerera ku caka ca 1976. Masiku amenewo dziko la Britain linali pa mabvuto. Mitengo ya zinthu inakwera koopsa, malova anapitirira miliyoni imodzi, ndipo acinyamata ambiri otsiriza sukulu anasowa pogwira. Oimba ochuka a nthawiyo anali atalemera, naimba nyimbo zazitali zaluso lozama zimene mwana wa mmphawi sakadatha kuzitsanzira. Tsono anyamata ndi atsikana ena anayamba kuimba mwa njira yao: nyimbo zazifupi, zaliwiro, zaphokoso, zodandaula ndi zonyoza akulu. Ku New York kunali kale gulu la Ramones. Ku London kunabuka Sex Pistols, The Clash ndi The Damned. Ku Manchester kunabuka Buzzcocks. Ciphunzitso cao cinali cakuti munthu asadikire kuphunzira zaka zambiri kapena kupempha cilolezo kwa eni cuma. Atenge gitala, aitane anzace awiri kapena atatu, aimbe cimene ciri mumtima mwace.

Akulu a dziko anaipidwa nazo. Pa 1 December 1976 anyamata a Sex Pistols anatukwana pa wailesi ya kanema anthu akuonera, ndipo m'masabata otsatira mizinda yambiri inawatsekera nyumba zoimbiramo. M'caka ca 1977 a BBC anakana kuulutsa nyimbo yao yonena za Mfumukazi. Gululo linapasuka mu January 1978, ndipo mmodzi wa iwo, Sid Vicious, anafa mu February 1979 ali ndi zaka 21. Olemba nyuzi ambiri anati moto wa mapesi wazima. Sanazindikire kuti m'mizinda ya mafakitale ndi ku Belfast, kumene kunacokera Stiff Little Fingers, makala anali cinyekere pansi pa phulusa. Magulu onga UK Subs, GBH ndi The Exploited anapitiriza kuimba m'tinyumba ta mowa, kutali ndi maso a anyuzi.

Pofika 1996 panali patapita zaka 20. Caka cimeneco a Sex Pistols otsala anagwirizananso nayenda m'maiko akuimba, osabisa kuti afuna ndalama. Caka comweco munthu wina wokonza maphwando a nyimbo, dzina lace Darren Russell, anaganiza zosonkhanitsa magulu akale pamalo amodzi. Anasankha Blackpool, nacha msonkhanowo Holidays in the Sun, dzina la nyimbo ina ya Sex Pistols ya 1977. Kunabwera anthu ambiri, ena ocokera kutsidya la nyanja, ndipo oimba amene anali atapacika magitala ao nalowa nchito zina anapeza kuti anthu akali kuwakumbukira. Kwa zaka zingapo pambuyo pace cikondwereroco cinkacitikira ku Morecambe, mzinda wina wa ku nyanja kumpoto kwa Blackpool. Cinasintha dzina nicichedwa Wasted. Kenaka cinabwerera ku Blackpool, ndipo kuyambira 2007 dzina lace ndi Rebellion. Okonza ace, banja la Russell-Smith, anayesanso kucititsa maphwando otere ku America ndi ku Amsterdam, koma likulu lace linakhala Blackpool.

Mzinda umenewu uli ndi mbiri yace, ndipo mbiriyo ndiyo ikometsa nkhaniyi. Blackpool unakula ndi thukuta la anchito oomba nsalu m'mafakitale a ku Lancashire. Kale mafakitale a mzinda wathunthu ankatsekedwa sabata imodzi pa caka, ndipo anchito onse, ndi akazi ao ndi ana, ankakwera sitima ya pa njanji kunka ku Blackpool kukapuma. Kaamba ka iwo kunamangidwa nyumba yaikulu ya masewera yochedwa Winter Gardens, imene inatsegulidwa mu 1878, ndi nsanja yacitsulo yotalika mamita 158, imene inatsegulidwa mu 1894. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ulendo wa pa ndeke unachipa, ndipo anthu anayamba kukapumira ku Spain kumene dzuwa silinama. Mafakitale a nsalu nawonso anatsekedwa. Nyumba zambiri za alendo zinasowa ogona, ndipo Blackpool unawerengedwa pakati pa mizinda yosauka koposa m'England. Motero nyimbo zimene anthu anati zinafa zinakomana ndi mzinda umene anthu anati unatha. Eni nyumba za alendo, amene mwina kale akadatseka citseko poona mnyamata wa tsitsi lobiriwira, anaphunzira kuti alendowa amalipira bwino, ndipo amabweranso caka camawa.

M'nyumba ya Winter Gardens muli cipinda cacikulu cobvinira cochedwa Empress Ballroom, ca denga lozokotedwa mokongola ndi nyali zagalasi zolendewera. Mu July 1964 gulu la Rolling Stones likuimba m'menemo kunabuka cipolowe. Anthu anathyola mipando naphwanya piyano, ndipo akulu a mzinda analetsa gululo kudzaimbanso ku Blackpool. Ciletsoco cinacotsedwa mu 2008, patapita zaka 44. M'nyumba yomweyo zipani zazikulu za ndale zinkacitira misonkhano yao, ndipo Margaret Thatcher, amene anali nduna yaikulu kuyambira 1979 kufikira 1990, analankhulamo kangapo. Oimba ambiri a punk anamuimba mai ameneyu momunyoza pa masiku a ulamuliro wace. Ndi cinthu coseketsa ndithu kuti nyimbo zomwezo zinadzamveka pansi pa denga lomwe iye anaomberedwa m'manja.

Sikuti mbiri ya punk ndi yoyera yokhayokha. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anyamata ena odana ndi anthu akuda ndi Amwenye ankalowerera maphwando, makamaka a gulu la Sham 69, nayambitsa ndeu. Oimba ambiri anakana mzimu umenewo poyera. Mu April 1978 The Clash anaimba ku Victoria Park mu London pa msonkhano waukulu wotsutsa tsankho la mitundu, pamodzi ndi Steel Pulse, gulu la reggae la ana a anthu ocokera ku West Indies, ndi X-Ray Spex, gulu lotsogozedwa ndi Poly Styrene, mtsikana amene atate wace anali a ku Somalia. Ubwenzi umenewo sunathe. Ku Rebellion nyimbo za reggae ndi ska ziri ndi malo ao pambali pa punk.

Alipo otsutsa, ndipo mau ao sayenera kunyozedwa. Iwo amati cipanduko cogulira tikiti si cipanduko. Amati nyimbo zimene zinabadwa kuti zigwetse zakale zasanduka zakale zosungidwa ngati katundu wa m'nyumba ya mbiri. Mu November 2016 Joe Corré, mwana wa Malcolm McLaren amene anali kapitao wa Sex Pistols, anatentha zobvala ndi zikumbutso zambiri za punk m'bwato pa mtsinje wa Thames, posonyeza kunyansidwa kwace poona akulu a London akulemekeza zaka 40 za nyimbozi. Ndipo kunena zoona, munthu woona nkhalamba za tsitsi loimika zikusewera bingo m'mawa, monga zimacitira ku Rebellion, akhoza kuseka. Koma otsutsawo aiwala kanthu. Ambiri odza ku Blackpool sanalemere ndi punk. Ndiwo oyendetsa magalimoto, omanga nyumba, osamala odwala, amene amasunga ndalama caka cathunthu kuti akaonane ndi anzao a pa ubwana. Charlie Harper wa UK Subs, amene anabadwa mu 1944 ndipo poyamba anali wokonza tsitsi, anaimba kumeneko kawirikawiri atapitirira kale zaka 70, ndipo palibe anganene kuti anacita zimenezo pofuna cuma. Ndiponso okonza anapatula bwalo lina la magulu atsopano osadziwika, ocokera m'maiko ambiri, kumene atsikana oimba ndi kuliza magitala acuruka kuposa kale. Pali zipinda zoonetsera zojambula, ndi zina zimene oimba akale amakhala pansi nasimba mbiri yao.

Bvuto lalikulu la cikondwereroci ndilo imfa. Joe Strummer wa The Clash anamwalira mu 2002, Poly Styrene mu 2011, Pete Shelley wa Buzzcocks mu 2018. M'zaka za 2020 ndi 2021 cikondwerero sicinacitike cifukwa ca mliri wa Covid. Mliri womwewo unatenga Mensi, woimba wa Angelic Upstarts, mu December 2021. Pamene anthu anasonkhananso mu August 2022, okonza anaonjeza bwalo lapanja m'mbali mwa nyanja, pafupi ndi nsanja ija. Anthu amene sanaonane zaka zitatu anakumbatirana m'makonde a nyumbayo nafunsana za moyo, ndipo ambiri anayamba ndi kuwerenga maina a anzao amene sanabwere.