Chilimwe chino, nyamulani chikwama muyende nokha

Amene mwakhala kumbuyoko, mukapanda kumva mukweze dzanja.

Nkhani ya lero ndi ya ulendo. Sitikunena wa kumaliro kapena wa kuchinkhoswe ayi. Tikunena ulendo woti mwaukonza nokha, ndi ndalama zanu, masiku 10 kapena 12: kukwera phiri, kulowa pansi pa nyanja, kuona malo, n'kukamalizira kovina. Konseko muli nokha.

Mukafika ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay mwezi wa Okutobala mupeza atsikana a ku Germany, a ku Netherlands, a ku Japan, aliyense ali yekha, chikwama kumsana. Palibe amawafunsa kuti abambo akunyumba ali kuti. Koma mmodzi wa ife akafika pa loji n'kupempha chipinda cha munthu mmodzi, wolandira alendo amayamba wasuzumira kumbuyo kwake, kufuna mwamuna amene akubwera kudzalipira. Akamusowa, nkhope imasintha. Dzina limene amatipatsa chamumtima tonse tikulidziwa.

Maganizo amenewa ali ndi pochokera. Kuyambira 1973, kwa zaka pafupifupi 20, lamulo la dziko lino linkaletsa mkazi kuvala thalauzi kapena siketi yaifupi pagulu. Mu Januwale 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya ku Lilongwe ndi mizinda ina chifukwa cha mathalauzi omwewo. Mu 2016 amayi 19 anagwidwa m'maresitihausi ku Dedza, mpaka khoti lalikulu ku Zomba linachita kunena kuti anaweruzidwa molakwika. Pamene ndime 39 ya malamulo oyendetsera dziko lino imati munthu aliyense ali ndi ufulu woyenda ndi kukhala paliponse m'Malawi muno. Sinawonjezerepo kuti wamkazi akhale ndi womuperekeza.

Kunyumba adzakuuzani kuti kunja n'koopsa. Sakunama, ndipo amayi athu akamanena zimenezi ndi chikondi. Kungoti kafukufuku wa boma wa DHS wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse amene anakhalapo pabanja, 42 anachitidwapo nkhanza ndi mwamuna wawo yemwe. Ndiye kukhala m'nyumba si mpanda ayi. Adzakuuzaninso kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Mwambi umenewu ife sitikangana nawo, ndipo muuona ukugwira ntchito paphiri ndi panyanja. Tikamati kuyenda wekha tikutanthauza kuti wosankha kopita, tsiku lonyamuka ndi nthawi yogona ndi iweyo. Anthu okuthandiza umawapeza konko, umawalipira, ndipo sakulamula.

Tiyambire ku Mulanje, ndipo chifukwa choyambira kuphiri muchimva tikafika kunyanja. Minibasi ya ku Limbe ikusiyani pa Chitakale, kuchoka pamenepo ndi kabaza kapena minibasi ina mpaka pa Likhubula, pamene pali ofesi ya zankhalango. Pamenepo mumalembetsa dzina, mumalipira, mumapeza gaidi ndi wonyamula katundu ngati mukumufuna. Pezani gaidi kudzera pa ofesi, osati mnyamata amene wakuthamangirani potsika minibasi. Mtengo mugwirizane musanayambe kuyenda, mujambule nkhope yake ndi nambala yake, mutumize kwa mchemwali wanu iye akuona. Gaidi wabwino sakhumudwa ndi zimenezo.

Sapitwa, nsonga yayitali kuposa zonse m'dziko muno, ndi mamita 3,002. Anthu ambiri amatenga masiku atatu: tsiku loyamba kukwera mpaka kanyumba ka Chisepo, lachiwiri kulawirira kunsonga n'kubwerera, lachitatu kutsika. M'tinyumba timeneti mumakhala mlonda ndi nkhuni, koma chakudya, chofunda ndi tochi n'zanu. Musanyengedwe ndi kutentha kwa ku Blantyre, pamwamba paja usiku kumazizira mpaka mano kugundana. Chigawo chomaliza si kuyenda ndi miyendo yokha, n'kukwawa pa miyala ikuluikulu, pena kupyola pansi pake. Chovuta kwambiri ndi nkhungu. Chiperoni chikabwera, mphindi zochepa zokha simuonanso njira. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anakwera yekha osabwerera. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya gaidi wake n'kupitiriza yekha, thupi lake linapezeka patatha masabata oposa awiri. Gaidi akati lero sitifika, tibwerere, mubwerere. Phiri silisamuka.

Ndipo si lamulo kuti aliyense akafike pa Sapitwa. Ena miyendo yathu inazolowera masitepe a ku ofesi basi. Kukwera kukagona ku Chambe kapena ku Lichenya usiku umodzi n'kokwanira kuti muone minda ya tiyi ili pansi panu ngati mkeka wobiriwira. Ngakhale kungofika pa Dziwe la Nkhalamba, ola limodzi kapena kupitirira pang'ono kuchokera pa Likhubula, n'kuviika miyendo m'madzi ozizira aja, mwayambapo. Akuluakulu a kumeneko amati ukapeza chakudya chokonzakonza paphiripo ndi cha mizimu, udye osaitana mnzako. Ndi malo okhawo m'Malawi muno amene kudya wekha si umbombo. Chimodzi tikupempheni: akakutsatsani tibokosi tonunkhira ta mkungudza, musagule. Mtengo umenewu kwawo ndi paphiri pomwepa, ndipo ikuluikulu inatha ndi macheka.

Mukatsika, mupume tsiku limodzi, miyendo idzakhala ikulankhula yokha. Kenako njira ndi ya ku Zomba, Liwonde, Mangochi, mpaka Monkey Bay, n'kukhotera ku mudzi wa Chembe, umene ambiri timangouti Cape Maclear. Nyamukani m'mawa kuti mukafike dzuwa lisanalowe. Lamulo limeneli ndi la ulendo wonse, chifukwa mavuto ambiri a mtsikana woyenda yekha amayambira pa siteji yamdima, pamene watopa ndipo angokwera chilichonse chimene chaima.

Malo amenewa ali mu Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba. Nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yochuluka sipezeka kwina kulikonse. Ife timadziwa chambo, usipa, utaka ndi kampango, zonse tinakumana nazo m'mbale. Koma mukalowa m'madzi pa miyala ya pa chilumba cha Thumbi kapena pa Otter Point mukumana ndi mbuna, tinsomba ta buluu, tachikasu, tamizeremizere, tikudya ndere pamiyala ngati mbuzi pa msipu. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, masabata angapo isakudya bwino. Anthu amakwera ndege kuchokera ku Ulaya kudzaona zimenezi. Tengani chitupa chanu cha unzika, chifukwa polowa m'mapaki Mmalawi amalipira zochepa kuposa mlendo.

Nthawi yake ndi ino. Mphepo ya mwera imavutitsa nyanja m'miyezi yozizira, koma kuyambira Seputembala mpaka mvula isanayambe madzi amakhala bata, oyera, ofunda.

Tsopano za diving, kusambira pansi pa madzi uli ndi botolo la mpweya kumsana. Tikudziwa kuti ambiri muno sitidziwa kusambira. Tinakula tikuuzidwa kuti madzi ndi a anyamata, ife zathu n'kuchapa m'mphepete. Ndiye poyambira ndi apa: phunzirani kusambira musananyamuke, pa dziwe losambirira lililonse limene mungakwanitse mumzinda muno. Maphunziro oyamba a diving, amene amatchedwa Open Water, amatenga masiku anayi kapena kuyandikira apo, ndipo amafuna kuti muthe kusambira mamita 200 ndi kuyandama mphindi 10. Mukakhoza mumalandira chiphaso chogwira ntchito padziko lonse, chokulolani kutsika mpaka mamita 18. Ndi ndalama zambiri, tisanamizane. Koma palinso njira ya tsiku limodzi yongolawa, mphunzitsi ali pambali panu, pamadzi osaya kwambiri. Yotchipa kuposa zonse ndi kubwereka magalasi ndi kapaipi kopumira, kuvala jekete loyandamitsa, n'kuyang'ana pansi muli pamwamba. Mbuna zimakhala pafupi, muziona bwinobwino.

Amene mudzalowe pansi, mvetsetsani izi. Mukatsika mamita 10 okha, mphamvu yokupanikizani imawirikiza kawiri. Makutu amapweteka, ndiye mumatsina mphuno n'kuuzira pang'ono pang'ono mukamatsika. Mpweya umene mwapuma pansi paja umafufuma mukamakwera, n'chifukwa chake lamulo loyamba ndi lakuti osagwira mpweya, muzipuma nthawi zonse, ndipo muzikwera pang'onopang'ono. Lachiwiri, palibe amalowa yekha, ngakhale katswiri. Mumapatsidwa mnzanu, mumayang'anirana zida, mumalankhulana ndi manja. Asanakulowetseni amakupatsani fomu ya zaumoyo. Ngati muli ndi mphumu, vuto la mtima kapena la makutu, lembani zoona. Woyembekezera salowa. Koma kukhala kumwezi si choletsa, musalole wina akunamizeni. Za tsitsi, lukani mizere musanapite, wigi ipume kunyumba.

Chifukwa chija tinayambira kuphiri n'chimenechi. Mukakhala pansi pa madzi, mpweya wa nitrogen umalowerera m'thupi, ndipo umafuna nthawi kuti utuluke. Mukathamangira malo okwera kwambiri kapena kukwera ndege, umapanga thovu m'magazi ngati botolo la Fanta lotsekulidwa mwadzidzidzi, ndipo munthu akhoza kupuwala. Ndiye phiri liyambe, nyanja ibwere pambuyo. Mukamaliza diving khalani tsiku lathunthu m'mphepete mwa nyanja musanakwere msewu wa Khwekhwerere wopita ku Dedza, chifukwa Dedza ndi pamwamba.

Tsiku lopumalo ndi limene anyamata a pagombe adzakupezeni. Ena akugulitsa ulendo wa boti, ena mikanda, ena akungofuna kudziwa ngati muli nokha. Simukakamizidwa kuyankha. Kunena kuti anzanga ali kuchipinda si tchimo. Boti mulipeze kudzera pa loji yanu, ndipo wa pa loji adziwe kuti mwapita ndi ndani. Polowa m'mudzi wa Chembe mangani chitenje, pakuti paja ndi pamudzi pa anthu, pali apongozi a eni ake.

Panjira yopita ku Dedza mukhoza kupatukira ku Mua, ku KuNgoni, kukaona zigoba za gule wamkulu ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Koma ife chimene chimatikoka ndi Chongoni. M'mapiri a kumeneko muli malo 127 a zojambula pamiyala, amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Zofiira ndi zakale kwambiri, za Akafula. Zoyera zambiri zinajambulidwa ndi amayi achichewa pophunzitsa atsikana kuchinamwali. Kusukulu anatiphunzitsa mayina a azungu amene anaona nyanja yathu, koma ndi angati tinauzidwa kuti agogo athu aakazi anasiya zolemba zawo pathanthwe, ola limodzi ndi theka kuchokera ku Lilongwe?

Pomaliza pake ndi nyimbo. Chilimwe ndi nyengo ya zikondwerero. Lake of Stars inayambira ku Chintheche mu 2004, Sand Music Festival inayambitsidwa ndi malemu Lucius Banda. Masiku ndi malo zimasintha chaka ndi chaka, ndiye safunsa anadya phula, fufuzani musanagule tikiti. Pa ulendo uwu ife tasankha Tumaini, ya ku Dzaleka m'boma la Dowa, imene inayamba mu 2014 ndi mlakatuli wa ku Congo, Menes La Plume. Imachitika chakumayambiriro kwa Novembala, polowa n'paulere, ndipo pali dongosolo loti mlendo agone pakhomo pa banja la mumsasamo n'kulipira banjalo. Mudzamva Chiswahili, Chifalansa, Kirundi ndi Chichewa pa bwalo limodzi, mudzadya chapati chotentha.

Muli pakati povina paja, kumbukirani pamene mwaima. Dzaleka inali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu, inasanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994, ndipo lero muli anthu oposa 50,000. Mtsikana amene akukugulitsani chapati mwina anabadwira momwemo, Chichewa amalankhula ngati inu, koma sangangonyamuka kupita ku Mulanje popanda chilolezo. Mu 2023 amene ankakhala m'mizinda anagwidwa n'kubwezedwa kumsasako. Musamujambule musanamupemphe, ndipo musanenerere mtengo ngati muli pa msika wa Tsoka.

Pa chikondwerero chilichonse, pogona ndi njira yobwererako zikhale zodziwika kusanade. Chakumwa chanu chitsekulidwe inu mukuona, ndipo mukachisiya n'kupita kovina, chimenecho chatha ntchito. Ndalama zambiri zikhale pa Mpamba kapena Airtel Money, zochepa m'thumba, zina pobisika. Foni ikhale ndi moto, power bank m'chikwama, ndipo pakhale munthu mmodzi amene mumamutumizira uthenga m'mawa ndi madzulo, wodziwa chochita mukakhala chete. Choipa chikachitika, olakwa si inu. Imbani 5600 kwaulere, pitani kuchipatala maola 72 asanathe kuti mulandire PEP ndi mankhwala oteteza mimba, ndipo kupolisi funsani ofesi ya Victim Support.

Za ndalama ya ulendo wonse, amene muli m'banki m'khonde mukudziwa kale kachitidwe kake. Ngati yonse sikwanira chaka chino, dulani pakati, phiri chaka chino, nyanja chaka chamawa.

China chimene ambiri amaiwala ndi likodzo. Limapezeka m'madzi a ku Cape Maclear, makamaka pafupi ndi mudzi, ndipo limatha kukhala m'thupi osaonetsa chizindikiro. Kwa ife akazi limafika mpaka m'njira yoberekera. Mukabwerako, pakatha miyezi iwiri, pitani kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja, akuyezeni. Mankhwala ake ndi praziquantel, amapereka molingana ndi kulemera kwa thupi, ndipo mumwe mutadya. Neti ya udzudzu nayo musaisiye, malungo a kunyanja sasewera.

Tiyime kaye pamenepa. Asisi a kumbuyo aja anakweza dzanja kalekale, tiyambire kwa inu.