Mau a Mulungu, Nkhokwe ya Nzeru za Mkhristu



Parishi ikakwanitsa zaka 100, anthu amakonda kuwerengera zimene maso aona: matchalitchi amene anamangidwa, ana amene anabatizidwa, maukwati amene anadalitsidwa. Zonsezi nzoyenera kuthokozera Mulungu. Koma pali funso lina loyenera kufunsidwa pa tsiku lotere: kodi m'nyumba za Akhristu Malembo Oyera amatsekulidwa kangati? Tsogolo la parishi lagona pa yankho la funso limeneli.

Solomoni atangolowa ufumu, Mulungu anamuonekera m'maloto ku Gibiyoni namuuza kuti apemphe chimene akufuna. Iye sanapemphe chuma kapena moyo wautali. Anapempha mtima wotha kusiyanitsa chabwino ndi choipa. Nzeru za m'Malembo ndi zimenezo. Si kuchenjera kwa pamsika ayi, ndiponso si kuloweza mavesi ambiri. Zimaoneka pamene abale akangana malire a munda, pamene maliro agwa ndipo anthu ayamba kuganizirana ufiti, pamene bambo wagulitsa mbatata zake ndipo ayenera kusankha pakati pa mowa ndi sukulu ya ana. Pa nthawi zotere munthu amatulutsa zimene anasunga mumtima, monga mai amatapa m'nkhokwe chimanga chimene anatutiramo pa masika.

Nkhokwe sidzaza tsiku limodzi. Buku la Ntchito za Atumwi limayamika anthu a ku Berea chifukwa ankafufuza Malembo tsiku ndi tsiku. Timoteo naye anawadziwa kuyambira ali mwana, m'nyumba ya chikhulupiriro ya agogo ake Loisi ndi amai ake Yunisi. Nzeru zinamera mwa iye pang'onopang'ono, chifukwa cha chizolowezi cha pabanja.

Eklezia amadziwa zimenezi. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake chotchedwa Dei Verbum cha 1965, unalimbikitsa Akhristu onse, osati ansembe okha, kuti aziwerenga Malembo kawirikawiri. Mu 1969 mawerengo a pa Misa anakonzedwa mwatsopano, kotero kuti m'zaka zitatu mpingo umamva Mthenga Wabwino wa Mateyo, wa Marko ndi wa Luka. M'chinenero chino munatuluka Malembo Oyera mu 1966, ndipo mu 1998 munatuluka Buku Loyera, limene Akatolika anamasulira pamodzi ndi mipingo ina ku Malawi.

Akhristu a mu Mozambique anaona ndi maso awo phindu lake. Dziko litalandira ufulu mu 1975, amishoni ambiri anachoka. Mu 1977 Eklezia anasonkhana ku Beira natsimikiza kuti moyo wa mpingo ukhale m'timagulu ta Akhristu, momwe aliyense ali ndi ntchito yake. Kenaka nkhondo inakula mpaka 1992. Midzi yambiri inakhala zaka osaona wansembe, ndipo mabanja osawerengeka anathawira ku Malawi. Misa inasowa, koma Mau sanasowe. Pansi pa mitengo ndi m'misasa ya othawa nkhondo, akatekisiti ndi akulu a mpingo ankawerengera anzawo buku long'ambika, ndipo anthu ankapezamo mphamvu yoika akufa awo mwachikhristu ndi yokhululukira adani. Parishi zimene zikukondwerera zaka 100 zinapulumuka motero.

Chomvetsa chisoni nchakuti buku limene makolo anathawa nalo pa nkhondo, ana awo amalisunga m'sutikesi pa mtendere. Mkhristu amene amangomva Mau pa Lamulungu pokha ali ngati munthu wodya kamodzi pa sabata.

Njira yokonzera zimenezi si yovuta. Banja lisankhe nthawi yake, makamaka madzulo atatha kudya, ndipo nthawiyo isamaphonyedwe. Ndime ikhale yaifupi. Wina awerenge mofatsa. Onse akhale chete pang'ono. Kenaka aliyense anene mau amene amukhudza, apemphere, ndipo agwirizane chinthu chimodzi choti achite mawa lake. Woyamba kumene ayambe ndi Marko, amene ali ndi mitu 16 yokha, kapena buku la Miyambo, limene mitu yake 31 imakwanira mwezi wathunthu. Amene sadziwa kuwerenga asachite manyazi: mdzukulu wa pasukulu awerenge, agogo amasulire ndi zimene moyo wawaphunzitsa.

Pali chenjezo limodzi. Baibulo si ula woti munthu atsekule paliponse kuti aombeze za mawa, ndiponso si ndodo yomenyera mnzake pa mkangano. Nduna ya ku Etiopiya inkawerenga mneneri Yesaya m'galeta lake, koma inamvetsa pokhapo Filipo atakhala pambali pake. Mutu umodzi susenza denga. Choncho chimene chavuta kunyumba chipite ku mphakati, ndipo chimene chakanika ku mphakati chifike kwa wansembe.

Amene adzasonkhana pano zaka 100 zikubwerazi adzalandira chikhulupiriro chimene mabanja a lero akusungira ana awo madzulo ali onse. Maria, amene ankasunga mau mumtima mwake nkumawasinkhasinkha, apempherere parishi ino, kuti m'nyumba iliyonse Malembo Oyera atsekulidwe kuyambira usiku uno.