Luso la Manja ndi Nyumba Yosungiramo Zakale

Aphunzitsi ndi inu nonse ana a sukulu, makamaka inu a ku Chinyunyu m'boma la Rufunsa, kumene apaulendo a pa msewu wa Great East Road amaima kuti aone akasupe a madzi otentha, lero tikambirana za luso la manja ndi kasungidwe kake.

Mu mzinda wa Paris, m'dziko la France, muli kampani yotchedwa Hermès. Anaiyambitsa ndi Thierry Hermès m'chaka cha 1837, ndipo ntchito yake yoyamba inali kusoka zingwe zachikopa zomangira akavalo. Masiku ano imasoka zikwama ndi zovala za mtengo wapatali. Chikwama chimodzi amachisoka ndi mmisiri mmodzi kuyambira pachiyambi mpaka pomaliza. Iye amasoka pamanja ndi masingano awiri pa ulusi umodzi, kotero kuti ulusi ukaduka pamalo amodzi, msoko wonse suphwasuka.

Mdzukulu wake, Émile Hermès, anali kusonkhanitsa zishalo, mabuku ndi zithunzi zakale. Zinthuzi zimasungidwa m'zipinda za pamwamba pa sitolo ya kampaniyo, ndipo salowamo munthu wamba. Amisiri ake amapitamo kukayang'anitsitsa ntchito ya akale, kuti apezepo nzeru zopangira zatsopano.

Kuno kwathu zoterezi zinachitikanso. Bambo Jean-Jacques Corbeil, wansembe wochokera ku Canada, anasonkhanitsa zipangizo za makolo kumpoto kwa dziko lino kwa zaka zambiri. Zimenezo ndizo zinakhala chiyambi cha nyumba ya Moto Moto Museum ku Mbala, imene tsopano ili m'manja mwa boma.

Nanga kwanuko? Makolo athu anali kusenda khungwa la mombo, kulinyika m'madzi, ndi kulisula ndi nyundo ya mtengo kufikira litafewa ngati nsalu. Chovala chimenechi ndicho chiwondo. Kodi m'mudzi mwanu alipo amene akudziwabe kusula chiwondo? Ngati alipo mmodzi yekha, tsiku limene adzatisiye, lusolo adzapita nalo kumanda.

Choncho aphunzitsi, konzani kangodya m'kalasi mwanu. Ana apemphe kwa agogo awo lichero, dengu, mphasa kapena mkanda wakale, koma asatenge popanda chilolezo. Pa chinthu chilichonse mangirirani kapepala kolembedwa dzina la amene anachipanga, mudzi wake, ndi mtengo kapena udzu umene anagwiritsa ntchito. Pambuyo pake itanani mmisiri wa m'mudzi adzaluke pamaso pa ana, ndipo mwana aliyense ayese yekha ndi manja ake. Mukatero, kangodyako kadzakhala malo ophunzirira, monga zilili zipinda za ku Paris zija.