Khasu lisakhale chilango pa sukulu

Ndapemphedwa kuti ndiyankhulepo za mwana wa ku pulayimale, ndipo mfundo yanga ndi imodzi yokha: mwana amene ali ndi mantha saphunzira, ngakhale mutamugulira desiki yatsopano ndi mabuku odzaza chikwama.

M'chaka cha 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. Chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi anachepa, ana ambiri anayamba kuphunzirira pansi pa mitengo, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite ku koleji. Mu 2013 lamulo latsopano la maphunziro linanena kuti mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale, afune asafune. Khomo linatseguka ndithu. Tsono tidzifunse: mwana akalowa pakhomopo, amakapezamo chiyani?

Ambiri a ife tikudziwa mmene tsiku limayambira pa sukulu zathu. Mwana wayenda mtunda wautali m'mame, m'mimba mulibe kanthu, wafika belu litalira kale. Pa geti akumana ndi chikwapu. Akapanda kukwapulidwa apatsidwa khasu kuti akalime, kapena auzidwa kukumba dzenje la zinyalala anzake ali m'kalasi. Pomaliza chilangocho phunziro la masamu latha. Mawa lake mwana uja akaona kuti dzuwa lakwera, amangokhotera ku dambo kukasewera mpaka nthawi yoweruka. Ife timati ndi wojomba, koma amene wamuthamangitsa ndife.

Thupi la munthu likachita mantha limakonzekera kuthawa. Mtima umagunda, manja amachita thukuta, ndipo maganizo onse amakhala pa chinthu choopsacho. Mwana wotere amayang'ana dzanja la mphunzitsi, za pa bolodi sazionanso. Mukamufunsa funso amangoti kakasi, ngakhale yankho akulidziwa. Tikamutchula kuti mbuli pamaso pa anzake, mawa sakwezanso mkono. Paja Unduna wa Maphunziro unaletsa kukwapula ana m'sukulu, ndipo ndime 19 ya malamulo oyendetsera dziko lino imateteza ulemu wa munthu aliyense. Munthu ameneyo ndi mwana wa Sitandade 1 yemwe.

Ena mwa inu mukuti, nanga mwana wopulupudza timutani? Funso limeneli ndi loona, makamaka kwa mphunzitsi amene ali yekha ndi ana oposa 100, pamene boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Mwambo ukufunika. Koma mwambo umayamba ndi malamulo ochepa amene ana apanga pamodzi ndi mphunzitsi wao, n'kuwalemba pakhoma. Wolakwa akonze chimene waononga: wataya zinyalala atole, wanyoza mnzake apepese. Wochedwa alowe kaye m'kalasi, afunsidwe nthawi yopuma chimene chamuchedwetsa. Kawirikawiri mupeza kuti anayamba wakatunga madzi, kapena amalera mng'ono wake chifukwa amai ali ku ganyu. Pamenepo woyenera kuyankhula naye ndi kholo.

Palinso mantha amene mwana amabwera nao kuchokera kunyumba. Kafukufuku amene boma linachita mu 2013 mothandizana ndi UNICEF anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri, anachitidwapo nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18. Mwa anyamata atatu alionse, awiri anamenyedwapo mwankhanza. Ana amenewa ali m'makalasi mwathu, ndipo ambiri sanauzepo munthu. Onjezanipo amene anaona zoopsa za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene anthu oposa 1,000 anafa ndipo sukulu zambiri za kummwera zinasanduka misasa. Mwana wa ku Chilobwe kapena ku Phalombe amene anaona matope akukokolola nyumba yao, mvula ikayamba kulira pa malata angathe kuuma thupi pampando, ife n'kumati ndi ulesi.

Chimene mwana wotere akufuna choyamba ndi munthu wamkulu mmodzi amene amadziwa dzina lake. Poitana maina m'mawa, mphunzitsi adzutse mutu amuyang'ane mwanayo. Amene ankasewera koma tsopano akukhala yekha, amene akugona m'kalasi, amene wajomba masiku atatu motsatizana, afunsidwe pambali, mofatsa. Pa sukulu iliyonse pakhale mphunzitsi wamkazi ndi wamwamuna amene ana onse akudziwa kuti angawauze zakukhosi popanda kumva nkhani yao mawa lake pa mjigo. Amai a m'magulu oyang'anira atsikana pa sukulu agwira kale ntchito yaikulu pa zimenezi, tiwagwire mkono. Nambala yaulere ya 116, imene mwana angaimbe akachitidwa nkhanza, ilembedwe pakhoma la kalasi iliyonse. Ndipo mphunzitsi akagona ndi mwana wa sukulu, umenewo ndi mlandu wa kupolisi. Kumusamutsa n'kungopereka ana a mudzi wina m'manja mwake.

A komiti, chitetezo china chili m'manja mwanu. Yendani pa sukulu teremu isanayambe. Onani khoma long'ambika, denga logwedezeka, dzenje losakwiriridwa, chimbudzi chopanda chitseko. Mtsikana wa Sitandade 6 amene wayamba kusamba sangabwere ku sukulu yopanda madzi ndi malo obisika. Kumbukirani kuti mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa kaamba ka kolera. Ndowa ya madzi ndi sopo pakhomo la chimbudzi ndi zotchipa kuposa bokosi la maliro. Njala nayo tisaiiwale. Bungwe la Mary's Meals linayamba mu 2002 ndi ana 200 okha m'dziko lino, ndipo phala lake ladzaza makalasi m'maboma ambiri. Kumene phalalo silinafike, munda wa sukulu ndi mitolo ya nkhuni ya makolo zingayambitse mphika.

Tsopano ndibwerere ku khasu lija. Dziko lino limadya kuchokera m'munda, koma pa sukulu timapatsa mwana khasu pokhapokha akalakwa. Kwa zaka 8 timamuphunzitsa kuti kulima ndi ntchito ya wochimwa, kenaka timadabwa akamathawira m'tauni. Khasu lomwelo likhoza kuphunzitsa masamu. Alangizi a zaulimi amati mizere ya chimanga italikirane masentimita 75 ndipo mapando atalikirane masentimita 25. Tengani ana a Sitandade 5, muwapatse chingwe ayeze mzere wa mamita 10, adzala okha, awerenge okha. Apeza mapando 40. Mwana amene wapeza 40 ameneyo ndi manja ake sadzaiwala kugawa, ndipo madzulo akafotokozera agogo ake kunyumba.

Zipangizo zake tili nazo. Ku Domasi, a Malawi Institute of Education akhala akulimbikitsa njira yotchedwa TALULAR, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Timitengo tomangidwa m'mitolo ya khumikhumi timaonetsa mwana chimene chimachitika tikamabwereka pochotsera. Zitsekerero za mabotolo ndi nthanga za bwemba ndi zowerengera. Nyemba zodzalidwa m'zitini ziwiri, china pa dzuwa china mu mdima, zimaphunzitsa sayansi kuposa tsamba lokopera pa bolodi. Botolo lodulidwa pakamwa limayeza mvula. Dongo limaumba malembo a ana a Sitandade 1. Ana akagawidwa m'magulu a 6 kapena 8, aliyense ndi chogwira m'manja, phokoso lopanda pake limachepa, ndipo mwana wamanyazi amene sayankhula m'kalasi mupeza ndiye akulongosolera anzake kamangidwe ka galimoto ya mawaya. Mwana amene waona kuti pali chimene amatha amabweranso mawa.

Ndikudziwa kuti mayeso a MANEB a Sitandade 8 amatisowetsa tulo tonse, ndipo ena amaona ngati kutuluka panja ndi ana n'kutaya nthawi. Koma amene amalemba mayesowo ndi okhawo amene apirira mpaka kumapeto. Ambiri amasiyira panjira, ndipo za iwowa sitiwerenga pa tsiku la zotsatira. M'mera mpoyamba.

Boma likwaniritse mbali yake: limange makalasi, lilembe aphunzitsi, liwalipire pa nthawi yake, ndipo tisatope kulikumbutsa. Koma pempho langa kwa inu lero silifuna ndalama. Aphunzitsi, Lolemba likubwerali siyani chikwapu kunyumba, mwana wochedwa alowe m'kalasi. A komiti, yenderani zimbudzi ndi makoma sabata ino. Mafumu, nkhani ya nkhanza kwa mwana isathere pabwalo ndi nkhuku. Makolo, madzulo mufunseni mwana wanu chimene wapanga ndi manja ake ku sukulu, ndipo mudikire ayankhe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.