"Paja munati": mawu a Chingerezi okumbutsira zimene zinagamulidwa kale

 Ambiri mwa inu ndinu makolo anga pa msinkhu, choncho sindingakuphunzitseni za moyo. Ndabwera ndi chida chimodzi chaching'ono chimene ndaona kuti chimasowa pa madandaulo ambiri a apantchito: kanenedwe ka m'Chingerezi kokumbutsira zimene munthu wina ananena, anavomera kapena anagamula kale.

Pa Chichewa ntchito imeneyi sitivutika nayo, pakuti tili ndi mawu akuti "paja". Mukati, "Paja munati mudzandilipira pakutha pa mwezi," bwana amasowa pothawira chifukwa mwawabwezera mawu awo omwe. Tilinso ndi "akuti", mawu amene timabisalamo pofotokoza nkhani imene sitikuitsimikiza. Agogo athu amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ya Cam and Motor ndi Dalny, Kadoma ikutchedwa Gatooma ndipo Chegutu ikutchedwa Hartley, ankathetsa milandu ya m'komboni ndi mawu omwewa. Lero gawo 6 la malamulo aakulu a Zimbabwe a chaka cha 2013 limatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo musachite manyazi kupempha womasulira. Komabe makalata a ku ofesi ya zantchito, mapangano a malipiro ndi zigamulo za Labour Court zimalembedwa m'Chingerezi, ndipo cholembedwacho ndicho chimawerengedwa mawa, inu mulibe.

Tiyerekeze mayi wa ku Rimuka amene amagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo adona ake sanamulipire miyezi itatu. Iye apita kwa ofisala wa zantchito, amene malinga ndi gawo 93 la Labour Act amayamba ndi kuyanjanitsa mbali ziwirizo, ndipo zikagwirizana amalemba mgwirizanowo. Adona avomera kulipira pofika pa 30 June, nasaina. June atha, ndalama osaoneka. Mayi uja abwerera ku ofesi nanena kuti, "Madam said she will give me money." Wanena zoona, koma zamveka ngati lonjezo la m'khitchini, limene munthu angalikane mawa lake. Akanati, "On 5 June, before the labour officer, my employer agreed in writing to pay me by 30 June. She has not paid," womva aliyense akanadziwa kuti nkhaniyi inatha kale, chatsala n'kukwaniritsa basi.

Mphika sukhazikika pa mafuwa awiri. Pokumbutsa mawu a munthu wina, mafuwa ake ndi atatu: ananena ndani, ananena liti, ndipo zinalembedwa pati. Likasowa limodzi, dandaulo lanu limapendekeka.

Tsono tione kulemera kwa mawuwo, pakuti salemera mofanana. Opepuka kwambiri ndi "said", amene amangosonyeza kuti munthu anayankhula. Mawu akuti "claimed" ndi "alleged" amafanana ndi "akuti" wathu uja: amasonyeza kuti nkhaniyo sinatsimikizike. Agwiritseni ntchito pa zimene bwana akukunenerani, monga "The foreman alleged that I stole diesel," kutanthauza kuti kapitawo akundinenera kuba dizilo koma umboni sunaoneke. Musawagwiritse ntchito pa mawu anu omwe, mungadzichepetsere mlandu. Olemerapo ndi "admitted", kuvomera chinthu chimene munthu sakanafuna kuvomera, ndi "agreed", kugwirizana. Olemera koposa ndi "found" ndi "ruled" kapena "held". Awa ndi a munthu amene lamulo linamupatsa mphamvu yogamula, monga woweruza wa ku Labour Court kapena wogamula mkangano amene amatchedwa arbitrator. Mukati "The arbitrator found that I was unfairly dismissed," mukunena kuti mlandu unamvedwa, umboni unayesedwa, ndipo zinapezeka kuti munachotsedwa ntchito mopanda chilungamo. Chenjerani kuti musakweze mawu kuposa msinkhu wake. Ngati ofisala anangolemba zimene munagwirizana, nenani kuti "recorded". Mukati "ruled" pamene sanagamule, mbali inayo idzakugwirani pa liwu limodzilo, ndipo zoona zanu zina zonse zidzayamba kukayikidwa.

Poyamba chiganizo, sungani njira zinayi izi. "As you agreed on", kenako tsiku: ameneyu ndiye "paja munavomera". "As the court held": monga bwalo linagamulira. "I refer to your letter dated", kenako tsiku: ndikunena za kalata yanu ya tsiku lakuti. Pomaliza "according to": malinga ndi. Inu a m'mafamu, malipiro anu ochepetsetsa amakambidwa ku NEC ya zaulimi, kumene mabungwe a apantchito monga GAPWUZ amakhala pamodzi ndi olemba ntchito. Choncho m'malo monena kuti ndalama ndi zochepa, nenani kuti "According to the NEC agreement for my grade", n'kutchula chiwerengero chimene chili pa chikalatacho. Mukatero, simukupempha chifundo. Mukuwerenga zimene olemba ntchito anasainira kale kudzera mwa owaimira.

Dziwaninso kuti mpeni womwewu ukhoza kukutembenukirani. Kalata ya bwana ikayamba ndi "As we agreed" kapena "As discussed", imani kaye mudzifunse: kodi ndinavomeradi? Kukambirana si kuvomera, ndiponso kukhala chete chifukwa cha ulemu si kuvomera, ngakhale kuti papepala kukhoza kuoneka choncho. Yankho lake ndi lalifupi: "I did not agree to that. Please show me where it is written." Ndipo mukaona mawu akuti "in full and final settlement" pamwamba pa malo osaina, dziwani kuti mukuvomera kuti ndalama mwalandirazo zatseka nkhani yonse. Mawa adzakuuzani "paja munasaina". Pemphani kutenga pepalalo kuti wa bungwe lanu akaliwerenge musanaikepo dzina kapena chala.

Chenjezo lina n'lakuti chigamulo chimakalamba. Pa 17 July 2015, Supreme Court ya dziko lino inagamula pa mlandu wa Zuva Petroleum kuti wolemba ntchito akhoza kuthetsa ntchito ya munthu pongomupatsa notisi, popanda mlandu uliwonse. Anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito m'masabata ochepa. Koma mu August chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inasintha Labour Act, n'kuchepetsa njira zothetsera ntchito ndi notisi. Choncho munthu akakuuzani lero kuti "As the Supreme Court held in the Zuva case," akunena za chigamulo chenicheni, koma akusiya zimene zinatsatira. Mufunseni modekha: "Is that still the law?" Funso limeneli, lakuti kodi lamulo likadali lomwelo, n'loyenera pa chigamulo chilichonse chimene wina akukuopsezani nacho.

Zonsezi zimadalira chinthu chimodzi chimene chili m'manja mwanu: kusunga. Khalani ndi kope laling'ono lolembamo tsiku, dzina la amene wayankhula ndi zimene wanena, ngakhale m'Chichewa kapena m'Chishona. Jambulani ndi foni pepala lililonse limene mwasaina. Uthenga wa pa WhatsApp umene adona analonjezamo malipiro musaufufute. Ndipo musazengereze, chifukwa gawo 94 la Labour Act limapereka zaka ziwiri zokatulira dandaulo kuchokera pamene mkangano unabuka. A ntchito za m'nyumba muli ndi bungwe la ZDAWU, a m'mafamu muli ndi GAPWUZ. Safunsa anadya phula.

Makolo athu amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Pa nkhani za ntchito, mawu amene agonera amakoma kwa yekhayo amene anasunga tsiku lake ndi pepala lake. Usiku uno, kumbukirani lonjezo limodzi limene munapatsidwa pa ntchito ndipo silinakwaniritsidwe. Lembani amene analonjeza, tsiku lake ndi pamene linalembedwa, kenako muyeseze kulinena mokweza, kuyamba ndi "As you agreed on". Mukalinena katatu pakhomo panu, silidzakuvutani pamaso pa bwana.